Alamu Anga ndi Ubweya wa Buluno

Ku Likoswe kuno taona amuna oledzera, amuna amitala, amuna aulesi, koma mwamuna wopesa galu tinaona mmodzi yekha: alamu anga a Bonifasio, amuna awo a achemwali anga a Bibiana. Alamuwo anatisiya, inde, mzimu wawo uuse mumtendere, koma musandiuze kuti imfa imasandutsa chitsiru kukhala munthu wanzeru.

Anali khukhi wa wansembe wachizungu ku mishoni. Mzunguyo pobwerera kwawo, chaka cha mavoti a matipate chija, anagawa katundu. Wina anapata njinga, wina wailesi. Alamu anga anatulukira akukoka chigalu chaubweya ngati nkhosa, mano onse pamtunda ngati apatsidwa galimoto.

"Uyu ndi Buluno," anatero. "Amamva Chitaliyana."

"Amasaka?" ndinafunsa ine.

"Sasaka, alamu. Ndi wapakhonde."

Mwamva? Mkamwini kutibweretsera mkamwini mnzake!

Zaka zinapita, Buluno n'kukalamba, ubweya n'kuyamba kuthothoka. Abale inu, si ubweya wake! Akangodzikutumula kamodzi, pabwalo ponse mbuu. Uyanike ufa pamphasa, ubweya. Upete nandolo, ubweya. Ngakhale mumtsuko wovundikira bwinobwino unkaupeza ukuyandama.

Apa ndiye misala inakula. M'mawa amuna anzawo ali kumunda, iwo ali tsonga pansi pa mango, akupesa galu ndi chipeso cha achemwali. Akuti mzungu anawauza kuti dzira laliwisi limalimbitsa ubweya, basi nkhuku zapakhomo zinaleka kuswa anapiye.

"Bambo a Deborah, mazira akupita kuti?" anafunsa achemwali.

"Kaya, mwina njoka."

Njokayo ili gone pakhonde, ikunyambita mlomo wachikasu.

Ubweya wothothokawo sankataya ayi. Ankautolera m'jumbo n'kukaukwirira kuseri kwa nkhokwe, ati mfiti ingautole.

"Alamu," ndinatero ine, "mfiti yake iti yosowa chochita, yoti ikavutike kulodza galu woti mano anatha kale?"

"Inu simudziwa nsanje ya anthu."

Tsiku lina anaona mpheta itanyamula kaubweya kukamwa. Bambo wamkulu, waimvi zake, kukwera mumtengo kukapasula chisa cha mbalame! Nthambi inathyoka, anatsimphina mpaka nthawi yokolola.

Zonsezi achemwali ankapirira. Zinafika pamwana wakana phala tsiku la chinkhoswe cha mwana wawo Deborah. Alendo ochokera ku Mbulumbuzi akhala pamipando, thobwa lagawidwa, ndiye Buluno anabwera n'kudzikutumula pafupi ndi ndowa ya thobwa. Atsibweni a mnyamata, a Timoti, anamwa kamodzi, n'kuyamba kusolola ubweya m'mano pang'onopang'ono.

"Pepani azimayi," anatero, "kodi kuno thobwa mumaphikira limodzi ndi mbuzi yosasenda?"

Anthu anafa nalo phwete. Achemwali anangoti zyoli, ine manyazi mpaka kuphazi. Alendo atangochoka, achemwali anaima pakhomo manja m'chiuno.

"Bambo a Deborah, pano ndi pathu. Sankhani. Galuyu achoke, apo ayi muchoke naye."

Nonse mukudziwa kuti mkamwini akachotsedwa amanyamula bulangeti lake basi. Ndipo kwawo ku Magomero abale anali atatha, kunalibe kolowera. Munthu wamutu wake akanapereka galuyo kwa osaka n'kusunga banja. Iwo anathamangira kuchigayo, kukapempha oilo wakuda wotsala mu injini, n'kumupaka Buluno kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Ati wina anawauza kuti amaletsa kuthothoka. Analetsadi! Ubweya wonse unachokera kamodzi, galu n'kutsala ngati nkhuku yososola, msana wonse zilonda.

"Amayi, taonani," anatero mosangalala, "sakuthothokanso."

"Ndanena kale ine," anayankha achemwali osacheuka n'komwe.

Alamu anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana galu. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka atapinda bulangeti kukhwapa. Anatsetsereka kudimba, kukakhala mukamsasa kolonderamo tomato, Buluno akudzikoka pambuyo. Ife tinaseka mpaka misozi. Ndinati asiyeni, njala ikawalasa abwera akukwawa. Achemwali ankawatumizira chakudya, iwo n'kumapatulira galu mbali yaikulu. Ana anakawachonderera, ankhoswe anapita kukawanyengerera, yankho linali limodzi: "Ndikamusiya, ndani amuyang'ane?"

Inafika Juni, chiperoni chija cholowa m'mafupa, ndipo kudimba kumazizira kuposa kumtunda. M'mawa wina anthu opita kukathirira anawapeza atadzipinda pansi, ali ndi shati yokha, akunjenjemera, chifuwa chikulira. Bulangeti lija anali atafunditsa galu, poti analibe ubweya. Anawathamangitsira kuchipatala panjinga, koma chibayo chinali chitazika kale mizu. Sanabwereko amoyo.

Ndimanenabe, ndipo ndidzanena mpaka kumanda: kufa chifukwa cha galu ndi uchitsiru. Masiku ano ufa timayanika osaulondera, anapiye ali balala pabwalo. Koma pamudzi pano pali zii ngati pasukulu nthawi ya holide. Ndimadzuka m'mawa pakamwa pali poyabwa, wonyoza palibe, ndipo zimandiwawa kuposa mmene ndingavomerere pagulu.

Tsiku lotsatira maliro, achemwali anasowa pakhomo. Tikuti tiyambe kuwafuna, tinawaona akukwera kuchokera kudimba, atabereka chinthu kumbuyo ndi chitenje chawo cha kutchalitchi. Anali Buluno, miyendo ili lendelende, poti kuyenda anali ataleka. Anadutsa pakati pa anamfedwa onse, n'kukamugoneka m'nyumba, pafupi ndi moto.

"Achemwali," ndinatero, "kodi misala ija ndi yopatsirana?"

Sanandikalipire. Anakhala pansi, n'kuika dzanja pamutu wadazi uja.

"Ine ndinangoti asankhe, iwe," anatero chapansipansi. "Ndikanadziwa bwanji kuti asankhadi?"