Galimoto Yanga Inkakodza

Nkhani iyi mkazi wanga wayamba kuikamba m'maukwati, ndiye bola ndiulule ndekha.

Apongozi anga aamuna, msodzi wa ku Lungwena amene wakalambira pa injini za boti, ankafuna kukakwera sitima ku Monkey Bay. Anyamata awo a usipa ankawadikira kumpoto, ndipo sitimayo imanyamuka kamodzi pa sabata. Ine ndinadzipereka kuwaperekeza pa kagalimoto kanga kakalekale.

Tikumwetsa mafuta pa Mangochi m'mawa, ndinaona timadzi tikudontha kutsogolo. Ndinatsegula boneti. Pansi pa pampu ya madzi pamakhala kabowo, ndipo madziwo ankatulukira pomwepo, atasiya mzere wa dzimbiri. Nditagwira kagudumu kodutsapo lamba, kanagwedera ngati dzino la mwana wa sitandade wani. Buku langa la umakaniko (ndinaligula pa kaunjika, masamba oyambirira mulibe) silibisa mawu: pampu yotere yatha, osayenda.

Apongozi anawerama n'kusuzumira.

"Ikukodza?"

"Ikukodza, bambo."

"Basi ili bwino. Injini ya boti ikamakodza madzi ndiye kuti ikudziziziritsa. Muziopa ikasiya. Tiyeni, akamwini."

Tsono inu, mkamwini angauze apongozi ake pamaso pa anthu kuti galimoto si boti? Ndinatseka boneti.

Tisanapite patali, kutsogolo kunayamba kulira ngati chigayo chikugaya miyala. Muvi wa kutentha unayamba kukwera. Maso anga ankangoti pa muvi, pa wotchi, pa muvi. Tinaima pa mjigo, ndinadikira injini izizire, n'kuthira chigubu chathunthu. Pansi pankachucha ngati mpopi.

"Mwaona mphamvu yakeyo?" anatero apongozi, akusangalala.

Pa mjigo wachiwiri ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, tipeze minibasi nthawi ikadalipo. Mawu amene anatuluka anali akuti, "Mwakhala bwino kumeneko, bambo?"

Pa chitunda chomaliza, muvi unagona pofiira. Nthunzi inatuluka m'boneti, fungo la labala wopserera linadzaza m'kati, galimoto n'kuzima. Tili chiimire pamsewu, maukonde atatu ali m'buti, tinamva hutala ya sitima kuseri kwa phiri. Inalira kawiri.

Apongozi anagwada n'kuyang'ana pansi. Panali pouma.

"Yasiya kukodza," anatero motsitsa mawu. "Ndinakuuzanitu."

"Munanenadi, bambo."

Madzulo ake tinaikokera kwa makaniko. Anachotsa pampuyo, naizungulitsa m'manja ikulira, kenako anandiyang'ana.

"Achimwene, simunaone kuti ikudontha? Anakuuzani ndani kuti muyende nayo chonchi?"

Apongozi anali pambali panga, atagwira chikwama chawo, sabata yathunthu yodikira ili patsogolo pawo. Ndinayang'ana pansi.

"Ndinaganiza ndekha."

"Ndi ana a mabukutu awa," anatero apongozi, akundisisita paphewa. "Musawakalipire kwambiri."