Madzi a Kalongonda

Pa ophunzira khumi amene tinapita ku Phalombe kukathandiza anthu namondwe atadutsa, ine ndekha ndinabwerako nditathandizidwa. Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa, koma anzanga amaikamba mothira mchere, ndiye bola ndiulule ndekha.

Anatipereka m'mudzi wina m'munsi mwa phiri la Michesi, kumene matope ndi miyala zinatsika n'kukokolola nyumba. Ntchito yathu inali yomangira nyumba a Esinati, mayi wamasiye amene ankagona mutenti ndi ana atatu. Tinali ndi masiku asanu okha, ithe isathe.

Tsiku lachiwiri manja anga anali matuza okhaokha chifukwa chopatsira njerwa, ndiye ndinadzikweza ndekha pa udindo woyang'anira zophika (ndinali m'chaka choyamba cha maphunziro a kadyedwe, mutu utatupa ndi mavitamini). Ndinapeza a Esinati akutaya madzi akuda bii a mumphika wa nyemba zikuluzikulu, n'kuthiramo ena.

"Mayi, mukutaya chakudyatu apa! Mavitamini onse ali m'madzimo."

"Ndi kalongonda ameneyu, achimwene," anatero. "Madzi ake sitimwa, amazunguza mutu. Ndikhala ndikutaya chonchi mpaka dzuwa lipendeke."

"Zimenezo n'zikhulupiriro chabe," ndinayankha, manja ali m'thumba.

A Esinati ananyamula ndowa ulendo wa ku mjigo. Ine ndinatunga kapu yodzadza, n'kugugudiza, n'kuponya mkamwa nyemba zingapo zosapsa kuti umboni ukwane. Cholinga chinali choti akabwera ndiwaonetse kuti sayansi sinama.

Poyamba ndinangomva kutentha m'makutu. Kenako nthaka inayamba kupendekeka. Nditakweza maso, ndinaona Michesi akusuntha, akundilondola ine. Ndinakuwa ndi mawu anga onse:

"Phiri likubwera! Thawani!"

Abale anga, pali malo ena oti ungakuwe mawu amenewo anthu n'kuseka. Osati kumeneko. Amayi anataya mitolo ya nkhuni, ana analira, mmisiri wathu a Muhowa anadumpha pakhoma n'kugwetsa mizere iwiri ya njerwa zosauma. Mudzi wonse unathamangira kumsewu, kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Atabwerera anandipeza nditakumbatira mtengo wa papaya, ndikusanza. Mpaka lero ndikakumbukira kulira kwa ana aja ndimachita manyazi.

Anandikweza pa njinga n'kundimangirira ndi chitenje kumsana kwa wopalasa ngati thumba la nandolo. Kuchipatala anandilumikiza botolo la madzi pamkono. Nditayamba kuzindikira, ndinamva wotitsogolera akunena panja kuti ngati chakudya cha m'mudzimo chikudwalitsa ophunzira, mawa tipakira. Kenako ndinamva a Esinati, amene anayenda wapansi ulendo wonsewo, akulira.

"Adzati ndamudyetsa mlendo chiphe. Nyumba yanga ithera m'mawindo, mvula ikadzabwera ndidzalowa kuti ndi ana?"

Apo ndiye kalongonda anandithera m'mutu. Ndinawaitana onse n'kuulula kuti mayiwa anandichenjeza, ine ndinachita kuba madziwo iwo atapita ku mjigo. A Muhowa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Kwanu n'kuti, aphunzitsi?"

"Ku Ntcheu."

"Ohoo, Mngoni!" Anawomba m'manja. "Makolo anu anabwera kuno ndi mikondo, anapeza mphika wa kalongonda pamoto, n'kudya osadikira kuti upse. Anagona pompo. Ndiye zaka zonsezi simunauzanebe?"

Ngakhale namwino anatuluka kukasekera panja.

Sitinapakire, koma tsiku lathunthu linali litapita. Masiku otsalawo ndinasenza njerwa ngati bulu, matuza akuphulika, osadandaula. Palibe anandilolanso kuyandikira mafuwa. Lata lomaliza tinalikhoma basi yathu ikuliza kale hutala.

Ndikukwera, a Esinati anandikoka malaya n'kundipatsa kambale ka kalongonda wakupsa bwino, wothira mchere, anthu onse akuonerera.

"Idyani, adokotala," anatero. "Koma pepani, mavitamini tataya onse."

Ndinadya, ndipo ankakoma zedi. Koma maso anga sanachoke pa phiri lija mpaka mbale inatha.