Kamtengo Kamene Kanathyokera Chambuyo

Kuno ku Domwe kuli anthu amene mpaka lero akandiona amayamba kutsokomola pofuna kubisa phwete. Bola ndikuuzeni ndekha chifukwa chake, poti akakuuzani iwowo athira mchere wambiri.

Nthawi imeneyo Ulongwe akutchedwabe Vila Kotinyu, ine ndinali mnyamata wothandiza kuphunzitsa pa shikola ya mishoni. Ana ankati apulofesolo, ine n'kumavomera msangamsanga (ndinalekeza kalasi yachinayi, koma mapewa ngati munthu wooloka nyanja). Tsiku lina padiri wathu, wansembe wachizungu wokonda kuwerenga, anaviika lapizi yolembera m'kopo yagalasi ya madzi. Lapiziyo inaoneka yothyoka.

"Sinathyoke ayi," anatero m'Chinyanja chake chotsimphina. "Kuwala kukalowa m'madzi kumakhota, ndipo kumakhotera mbali yomweyo nthawi zonse. Koma ndawerenga kuti wophunzira wina kutali uko wawerengera papepala kuti pangakhale chinthu chokhotetsa kuwala chambuyo. M'menemo lapizi ingaoneke ngati ikubwerera kumene yachokera. Chinthu chotero palibe anachionapo pa dziko lino."

Mawu otsirizawo ndinawasunga ngati mbewu.

Tsono ine ndinali nditafunsira mbeta, Rozina, mtsikana wolima mbatatesi mpaka amuna kuchita manyazi. Ndinkamufuna, sindikubisirani. Koma anzanga anali atandilaula m'makutu. "Mudzi umenewo amadyetsa mankhwala," ankatero. "Mkamwini akalowamo amaiwala njira ya kwa amake."

Lamulungu lina ndili pakhonde kwawoko, Rozina anabwera kuchokera kuchitsime n'kutula chidebe pafupi nane. Pamwamba pa madzi panali masamba. Amenewo sanandidabwitse, amayi onse amatero kuti madzi asakhavukire. Koma pakati pa masambawo panatulukira kamtengo kopendekeka. Ndinasuzumira mwachizolowezi cha anthu ophunzira. Abale, kamtengoko kakafika m'madzi kankabwerera chambuyo!

Ndinatsinzina diso limodzi. Chimodzimodzi. Ndinazungulira mbali ina, ndikunamizira kuthamangitsa nkhuku. Chimodzimodzinso. Chinthu chimene azungu alephera kuchipeza pa dziko lonse, ine ndachipeza m'chidebe cha apongozi. Nanga madzi wamba angatero? Muli zinthu umu.

Rozina anagwada n'kundipatsa chikho.

"Ndilibe ludzu," ndinatero, ine amene ndinayenda kuyambira m'mawa padzuwa la Okutobala, milomo itachita kung'aluka.

Madzi osamba m'manja ndinawazembanso, ndinangopukutira pa udzu. Nkhuku imene anandiphera yokha ndinaidya yonse, mpaka mafupa kutafuna (m'nkhukumo munalibe kamtengo, tsono ndikanaikayikira chiyani?).

Lamulungu lotsatira ndinatenga madzi anga m'botolo, galafa timatero kuno, n'kuibisa m'jekete. Kamtengo kaja kanalimo m'chidebe muja, kakubwererabe chambuyo. Ludzu litandigwira ndinazembera kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba kugugudiza. Potsitsa galafa, maso anga anakumana ndi a apongozi, anthu amene mwamwambo tinkayenera kupatukirana njira. Anagwira pakamwa n'kubwerera. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utadziwa kuti mkamwini wa kumishoni amamwa kachasu chobisala.

Lamulungu lachitatu ankhoswe anakhala pansi kuti apangane tsiku la ukwati. Atsibweni ake a Rozina, aBanda, munthu wolankhula mosathamanga, anayamba ndi kufwenthera fodya.

"Apulofesolo, tisanapite patali. Tikumva kuti madzi athu mumawakana, koma kuseri kwa nkhokwe mumameza za m'galafa. Mwana wathu tingamupereke kwa munthu wotero?"

Apa munthu wanzeru akanapepesa. Ine ndinaimirira ngati ndili kutsogolo kwa ana.

"Si kachasu, ndi madzi. Anuwa ndikuwakana chifukwa muli zinthu. Taonani m'chidebemo! Kuwala kukukhotera chambuyo. Padiri mwini wake ananena kuti zimenezi sizichitika pa dziko lino."

Pomwepo m'nyumba munamveka mfuu, mayi ake a Rozina akukuwa.

"Mayo ine! Akunditcha wamankhwala pakhomo panga! Achimwene, musiyeni apite, mwana wanga sanaole!"

Ankhoswe anga anawerama ngati akufuna singano m'dothi. Pamenepo ndinazindikira kuti Rozina akundipulumuka, ndipo mantha amenewo anaposa a mankhwala aja.

Rozina anadzuka. Anapita pachidebe, anagwira kamtengo kaja n'kukatulutsa. Anakakweza m'mwamba, madzi akudontha. Kunja komweko, pamphepo, kanali kopindika ngati chigongono.

"Ndi ngowe, apulofesolo," anatero. "Timakokera chidebe m'chitsime. Inapindikira kutchire, osati m'madzi."

Masabata awiri athunthu ndakhala ndikukazungulira, kukatsinzinira, kukalota usiku, osaganiza zongokatulutsa.

Anthu anaseka mpaka ena kugona chafufumimba. ABanda okha sanaseke. Anafwentheranso fodya.

"Mwatukwana mlongo wanga. Mukamfunabe mwanayu, mudzaza mitsuko ya apongozi anu sabata yathunthu. Pamutu. Popanda masamba, poti masamba athu mukuwaopa."

Ndinasenza, abale. Mwamuna wandevu, apulofesolo, chidebe pamutu, madzi akukhavukira m'khosi mpaka m'nsapato. Amayi a m'mudzimo ankasiya mitondo n'kundandalika m'njira. "Samalani, akukhoterani chambuyo!" Ndinkafika ndi theka, n'kubwereranso. Tsiku lachisanu ndi chiwiri apongozi anasuzumira mu mtsuko, n'kuuza Rozina mokweza kuti ine ndimve: "Amwe kaye yekha." Ndinamwa zikho zitatu. Tinakwatirana anthu atakolola.

Ndakhala m'mudzi umenewu mpaka imvi, ndipo kwathu ndimangopitako pa maliro. Chaka chatha tikusenda nyemba ndinakumbutsa Rozina nkhaniyi, ndikudziseka kuti ndinali chitsiru kukayikira anthu osalakwa.

"Eetu," anatero osatukula mutu. "Inu maso anali pa madzi. Koma nkhuku ija munaimaliza yonse."

Ndadikira chaka chathunthu kuti aseke. Sanasekebe.