Mbava Zitatu ndi Chigubu cha Tizilombo

Pulani yonse inabadwira m'bala, pa tebulo la pakona. Mwini pulaniyo anali Pulofesa, munthu amene sukulu anaisiyira panjira koma magalasi sankavula, ngakhale maso ake analibe vuto.

"Aise, kuba mafoni kunatha fasho," anatero akugogoda botolo. "Masiku ano dola ili m'tizilombo."

Mabuleki, dalaivala wa gululi, anayang'ana Chikhatho, chimunthu cha manja ngati mafosholo. Chikhatho anayang'ana m'tambula mwake ngati tizilomboto tagweramo.

Pulofesa anafotokoza. Kuseri kwa msika kunali kakampani katsopano ka achinyamata a sayansi. Ankaweta tizilombo tosaoneka ndi maso, todya zinyalala zowola za pamsika n'kumatulutsa utoto wonyikira nsalu, wosawononga mitsinje. Lachisanu ankayembekezera alendo olemera, odzaona ngati kampaniyo ndi yoyenera kuikamo ndalama.

"Tikalowa ngati mabwana, titulukamo ndi katundu, tikagulitsa kwa opikisana nawo. Dilu yatha."

"Nanga tikaba bwanji chinthu chosaoneka?" anafunsa Chikhatho.

"Kukoma kwake n'komweko, mani. Wapolisi akakugwira, kukhoti akaonetsa chiyani?"

Onse anavomereza kuti Pulofesa ndi dolo, ndipo anaitanitsa mowa wina.

Lachisanu masana anatulukira atavala masuti obwereka. Ya Chikhatho inathera m'zigongono. Galimoto inali ya alamu ake a Mabuleki, yoyera mbee, yotsukidwa kale kuti mawa lake ikanyamule akwati.

Anawalandira ndi mwini kampaniyo, mtsikana wa gauni yoyera amene antchito ake ankamutcha Dokotala. Maso ake ankaonetsa kuti tulo anasiyana nato kalekale, chifukwa alendowa akanakana, kampani ikanatsekedwa. M'chipinda cha mathanki munali kale alendo enieni: mayi wa kubanki ndi bambo wina wadazi.

Mayi wa kubanki sankaseka ndi munthu. "Ndani wagulako kale utoto wanuwu? Mtengo wake ukupikisana bwanji ndi wa mankhwala? Tizilomboti titafa lero, muyambira pati?"

Dokotala anayankha limodzilimodzi, thukuta lili kamukamu. Mayiyo anangokweza nsidze. "Zonsezo ndamva. Koma utoto wachilengedwe umasuluka ukachapidwa. Pamenepo simunandikhutiritse."

Pulofesa anaona kuti bwana wosafunsa funso amakayikitsa. Anakonza magalasi, natsokomola.

"Adokotala, pa ziweto zanuzi, zazimuna ndi zingati?"

Dokotala anayankha mwaulemu.

"Sitikhala tatimuna kapena tatikazi, bwana. Timangogawikana pakati."

"Popanda ukwati? Chabwino. Ndalama zambiri zimathera kumeneko."

Dokotala anamwetulira mokakamiza. Anali atamvapo kuti olemera ena mitu yawo imayenda choncho.

Alendo ataitanidwa kukamwa tiyi, Chikhatho anapempha njira ya kuchimbudzi, n'kutulukira khomo la kuseri atakumbatira chigubu chachikulu cha tizilombo pamimba ngati mwana wodwala. Posakhalitsa atatuwo anali m'galimoto.

Pa chivundikiro cha chigubucho panali kapaipi kotulutsa mpweya, kakuchita thovu. Pulofesa anakaona, mtima unamupweteka.

"Taonani kusasamala kwa anthu ophunzira! Chuma chikuthawira apa!"

Anazula kapaipiko, natseka bowolo ndi chingamu, namanga chivundikiro ndi tayi yake mpaka mitsempha inatuluka m'khosi.

Atangokhota pamsika anapeza mzere wa magalimoto wosasuntha. Dzuwa linali likuswa mtengo. Mabuleki anatseka mawindo onse kuti anthu asawaone nkhope.

"Bigi, mwanayu akunenepa," anatero Chikhatho, amene anali atachifungata kumbuyo.

"Ndiye phindulo. Tizilomboto tikuswana," anatero Pulofesa.

"Bigi, akulira."

"Usandisokoneze, ndikuganiza mtengo."

Phuu!

Anthu a m'minibasi yoyandikana nayo anabisa mitu, kuyesa bomba. Mkati mwa galimoto ya akwati zonse zinali buluu: mipando, denga, masuti, magalasi a Pulofesa, ngakhale mano a Mabuleki. Fungo lake linali la kabichi amene anamwalira osaikidwa m'manda.

"Ndameza!" anakuwa Chikhatho. "Bigi, ndameza! Paja munati timadya chiyani?"

"Zowola."

"Mayo ine! Ndili ndi dzino lowola!"

Pulofesa anafuna kumuseka, koma pomwepo anamva m'mimba mwake mukuti kulukulu. Anakumbukira chiwindi chake ndi zaka zonse zimene anachimiza mu mowa. Ngati m'thupi mwake munali chowola, chinali chimenecho, ndipo tizilomboto tinali titachipeza kale.

"Kuchipatala!" anatero Mabuleki.

"Akadziwa chiyani za tizilombo tatsopano? Mankhwala ali ndi mwini wake. Tembenuza!" anatero Pulofesa.

Mabuleki anatembenuza, nakwera pamsewu wa oyenda pansi, nagwetsa mulu wa mabeseni a wogulitsa wina, amene anayamba kuwathamangira akutukwana.

Ku kampani kuja Dokotala anali pakhomo, misozi ili m'maso, akufotokozera apolisi awiri maonekedwe a akubawo. Asanamalize, galimoto inaima ndi phokoso, n'kutulukamo anthu atatu abuluu. Pulofesa anagwada pa mapazi ake, apolisiwo osawaona n'komwe, poti magalasi anali atamatidwa.

"Adokotala, tikhululukireni, tinaba ndife! Tipatseni mankhwala, tikudyedwa amoyo!"

Wapolisi wamkulu anabweza cholembera m'thumba pang'onopang'ono. Chiyambire ntchito, mlandu unali usanamugwadirepo chonchi.

"Tizilomboto sitidya anthu," anatero Dokotala. "Mukangotsegula m'mimba basi. Ndipo mbewu yake ili m'firiji, inu munanyamula za m'thanki ya dzulo."

"Nanga mtunduwu?"

"Pakhungu, mudikire lisupuke lokha. Pansalu, iwalani."

Mabuleki anacheukira mipando ya galimoto ya alamu ake, napereka yekha manja kwa wapolisi. "Bwana, nditsekereni msanga. Ndipo belo musandipatse."

Apo mayi wa kubanki anayandikira. Anaitanitsa sopo ndi madzi otentha, nagwira mkono wa jekete la Pulofesa, nayamba kupikicha ngati wochapa kumtsinje. Anapikicha mpaka thovu linafika m'chigongono. Thovulo linali loyera, jekete lili buluu chibuluwire.

Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, mayiyo anamwetulira.

"Dokotala, Lolemba mubwere ku ofesi tidzasainirane." Kenako anatembenukira kwa apolisi. "Akuluakulu, mmodzi mwa awa mungandibwereke tsiku lomwelo? Ndikufuna ndikaonetse mabwana anga."

Pulofesa, unyolo uli m'manja, phazi limodzi lili kale m'galimoto ya apolisi, anawongola khosi.

"Mayi, tisanapite patali, tigwirizane kaye. Gawo langa pakampaniyi ndi maperesenti angati?"