Tiyi Wopemphera Chitengwa

Lolemba, 6 Juni 1983

Kuzizira. Zala zikukana kulowetsa ulusi pasingano.

Uthenga wafika: atsibweni ake a Naphiri, mkazi wanga, akubwera Lamulungu kuchokera ku Vubwi. Ndiwo eni mbumba. Akati inde, nditenga mkazi ndi makina anga osokera, ulendo wa kwathu ku Sinda. Akati ayi, ndikhalabe pano pachikamwini, kusoka zigamba za anthu olipira maungu. Ku Sinda mwini sitolo wina wandisungira khonde pamsewu waukulu penipeni, pomwe pamaima mabasi. Akuti mwezi uno ukatha ndisanafike, alipereka kwa telala wina.

Tsono chitengwa sapempha kwa munthu wouma kukhosi. Aliyense amadziwa kuti atsibweni ndi tiyi salekana. Anthu amati ngakhale pamaliro amayamba afunsa ketulo asanafunse kuti watisiya ndani. Nzeru yanga ndi iyi: kuyambira mawa mpaka Loweruka ndilawa tiyi wamtundu uliwonse amene ndingapeze, ndisankhe mfumu yake, ndiwaphikire. Mtima ukafewa, achimwene anga, omwe ndi ankhoswe, aponye mawu.

Zomwe ndasonkhanitsa:
- wa ku Luapula, wogula ku Katete, fumbi lokhalokha
- wa ku Thyolo, wozembetsedwa pamalire m'thumba la mtedza
- wa ku Mozambiki, wokulunga m'nyuzi ya Chipwitikizi. Wondigulitsa akulumbira kuti ndi wa nkhondo isanayambe
- wa Che Sumani, Myao wa sitolo ku Katete: masamba osakaniza ndi jinja, timakungwa tonunkhira ndi tinjere tobiriwira tomwe akuti iliki
- udzu wa mandimu, womera wokha kuseri kwa bafa la apongozi

Shuga: paketi imodzi. Ndinaiimira pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndaibisa m'bokosi la makina.

Naphiri wayang'ana zonsezi nkuti, "Atsibweni muwapatse madzi otentha basi." Mkaziyu ndi nthabwala sasiyana nazo.

A Zulu, mkamwini mnzanga wa nyumba yoyandikana, akungoseka osanena chifukwa. Iwo adafika pamudzi pano tsitsi lili bii, lero ndi imvi. Kufolera nyumba palibe wowaposa, madenga onse abwino pano ndi manja awo. Chitengwa adapempha kambirimbiri. Sindikumvetsa chimene amalakwitsa, mwina sadziwa kusangalatsa akuluakulu.

Lachiwiri, 7 Juni

Kalawidwe ndaphunzira kwa Che Sumani. Akuti ali mnyamata kwawo ankaona momwe amachitira ku fakitale ya tiyi: shuga ayi, mkaka ayi. Uyambe ndi mphuno. Kenako upsonthe mwaphokoso, uchukuche m'kamwa, ulavule. Ndawafunsa kawiri za kulavulako. Akuti inde, ukameza lilime limatenga mbali.

Wa ku Luapula: mtundu wake ngati madzi a m'dambo. Kukoma kumafika mochedwa, kukupatsa moni, nkubwerera. Si woipa. Si wopemphera mkazi.

Wa ku Thyolo: wofiira bwino, fungo lake lokoka. Koma kunsonga kwa lilime kukutsala kanthu kena. Ndalawanso. Ndalawanso kachitatu. Sopo! Ulendo wonse wa m'malire anayenda atagona limodzi ndi mitanda ya sopo. Chondidabwitsa nchakuti m'thumbamo munalinso mtedza, koma mtedza sunalowe, walowa ndi sopo. Tiyi amasankha bwanji chomwe atenge kwa anzake a paulendo? Ndani angandiuze?

Ndikulavula, ndikungoona apongozi aima pankhokwe, lichero m'manja. Ife sitiyankhulana maso ndi maso, mwambo sulola. Iwo akakhala ndi mawu a ine amauza galu wawo, Samva. Lero galu wauzidwa kuti, "Iwe Samva, chaka chino tiona zambiri. Ena ayamba kutsuka m'kamwa ndi tiyi."

Samva wangogwedeza mchira. Ine ndapukuta pakamwa.

Lachitatu, 8 Juni

Mbiri yawanda kuti kwa telala kuli tiyi wotaya. Anthu amene chaka chonse sanang'ambikirepo malaya abwera, aliyense ndi batani lake limodzi. Poyamba ndakondwa: malilime akachuluka, chiweruzo chilungama. Makapu ndili nawo awiri, tikulandirana.

Wopanda shuga palibe akumufuna. Mayi wina walawa, wandiyang'ana nthawi yaitali nkuti, "Kodi tidakulakwirani chiyani?" Manyazi andigwira. Ndatsegula bokosi la makina.

Zotsatira: kapu iliyonse yomwe yalandira shuga wambiri ndiyo yapambana. Ndaganiza zowayesa. Ndathira wa ku Luapula yemweyo m'makapu onse awiri, kwina shuga pang'ono, kwina wosefukira. Onse agwirizana kuti woyambayo ndi wa konkuno, wachiwiriyo ndi wakunja. Mkulu wina akuti akumva ngakhale fungo la sitima yapamadzi.

Ndiye kodi anthu timakonda tiyi, kapena tiyi ndi njira chabe yomwera shuga popanda kusekedwa? Funso limeneli landisowetsa mtendere tsiku lonse.

Paketi yafika m'chiuno. Mabatani ndasoka ulere.

A Zulu sananene kuti wabwino ndi uti. Amwa mitundu yonse, apukuta pakamwa, akuti, "Pitirizani, mukukhoza." Munthu wolimbikitsa anzake.

Lachinayi, 9 Juni

Lero ndatseka chitseko, ndikulawa ndekha. Zomwe ndatulukira dzuwa lisanafike pamutu:
- madzi a pachitsime ndi a kumtsinje sapatsa tiyi mmodzimodzi. A kumtsinje amamufewetsa
- moto wa zitsononkho umalowetsa utsi, wa makala ayi
- mphika womwe dzulo unaphika kapenta suiwala

Kenako wa Che Sumani. Atangowira, fungo ladzaza bwalo lonse, nkhuku zomwe zaima. Amayamba ngati tiyi, pakati amaluma ngati tsabola, kumapeto umapezeka uli ndi thukuta pamphuno chonsecho kunja kukuzizira. Uyu ndiye! Kulavula ndaiwala. Ndaphikanso kuti nditsimikize, ndaphikanso kuti ndione ngati madzi a kumtsinje angamusinthe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada: pofika masana manja akunjenjemera, mtima ukuthamanga ngati ndaba, ndipo buluku la aphunzitsi ndalisoka mwendo umodzi kutseka kumapazi.

Choopsa si bulukulo. Apongozi aima pafupi ndi zenera langa, akuuza galu: "Samva, fungo ili ndi la kwa sing'anga. Makungwa, tinjere, kulavula pansi, ife si ana. Ofuna kudyetsa mlongo wanga mankhwala adziwe kuti iyeyo adatemera kale."

Apa ndachita mantha enieni. Mawu amenewa akangofika m'khutu la atsibweni, chitengwa chafera pomwepo, nane dzina langa laipa mpaka ku Sinda. Ndatuma Naphiri ndi kapu yodzaza, shuga wokwanira, kuti amayi alawe okha, ine ndikumwa yanga poonekera. Kapu yabwerako youma. Uthenga wake: sanamve bwinobwino ngati muli mankhwala kapena ayi, ndiye atumizirenso ina.

Ndatumiza. Akuti akadali kukayika.

Lachisanu, 10 Juni

Wa ku Mozambiki ndamumasula m'nyuzi yake. Masamba akuluakulu, opotana, okongola ndithu, koma akununkha chinyontho cha m'sutikesi. Ndawayala palichero, ndaika pathandala kuti dzuwa liwachotse fungo, pambali pa mfutso wa apongozi. Ndapita kukapepesa kwa aphunzitsi ndi buluku lawo. Aseka pang'ono, osati kwambiri.

Pobwerera, lichero lili mbee.

Nkhomaliro yafika: ndiwo zotendera, zakuda kuposa masiku onse. Ndafunsa Naphiri. Akuti, "Amayi anafunsa kuti masamba ali palicherowa ndi a yani. Ndinati ndi a akamwini anu. Anati zikomo, ayamba kuganizira pakhomo." Ine ndimati masamba, iwonso amati masamba, ndipo palibe ananama.

Mkamwini sakana ndiwo za apongozi. Ndadya. Popeza ndadya, ndilembe: kuwawa kulipo koma nsinjiro zakugonjetsa, chinyontho chija chatheratu, pomeza pamatsala kakomedwe kena kosatheka kufotokoza. Kunena zoona, tiyi ameneyu mwina sanabadwire kapu. Kodi Apwitikizi ankadziwa?

Masana onse palibe wapumula pakhomo pano. Apongozi asesa bwalo, asesanso, kenako ayamba kusinja chimanga chomwe sichinafunike kusinjidwa, uku akuimba.

Udzu wa mandimu ndaulawa madzulo. Fungo ndi la kumwamba, mtundu ulibe. Atsibweni sangalandire kapu yomwe pansi pake pakuoneka.

Loweruka, 11 Juni

Lilime lafa. Phala, madzi, mbatata, zonse zikukoma ngati supuni.

Zotsala: Luapula pang'ono, Thyolo wa sopo wambiri, Mozambiki wongotola m'makwinya a nyuzi, Che Sumani kadzanja kamodzi, apongozi atamaliza kukayika kwawo. Shuga ali pansi penipeni pa paketi. Ndasankha wa Che Sumani. Kapu ziwiri zituluka ndikasamala.

Ndapita kumsewu kukachingamira achimwene. Njira yonse takhala tikuyeserera mawu a mawa. Nkhuku yopereka tagula yoyera, yonenepa.

Kufika kunyumba, timapepala tonse palibe. Pali chitini chimodzi. Naphiri wakhuthulira zonse m'menemo, sopo ndi iliki ndi chinyontho, wadulirako ngakhale udzu wa mandimu, nkukhutchumula. Akuti, "Ndimakonza m'nyumba, kukubwera alendo." Akunena osandiyang'ana.

Ndakwiya kwambiri. Sabata yathunthu ya lilime langa! Ndakhala pamphasa ndi singano kuyesa kupatula tinjere ndi fumbi. Achimwene andiyang'ana, akuti, "Kodi pachikamwini pafika pamenepa?" Ndasiya.

Dzuwa likulowa a Zulu abwera ndi botolo la uchi. Akuti amva kuti shuga watha, ndipo sangalole kuti tiyi wa mnansi wawo achite manyazi pamaso pa alendo. Anthu abwino akadalipo padziko.

Lamulungu, 12 Juni

Atsibweni afika panjinga, fumbi mpaka m'nsidze. Moni sanathe, afunsa ketulo.

Ndaphika za m'chitini. Madzi a kumtsinje, moto wa makala, shuga wotsala, uchi pamwamba. Ndapereka kapu kwa atsibweni.

Anunkhiza. Kapu yoyamba amwa pang'onopang'ono. Yachiwiri atsinzina. Yachitatu avula nsapato. Ine ndazemba kukalawa zotsalira m'ketulo, ndipo lilime lija lauka kwa akufa. Sindinamwepo chotere. Jinja wafatsa, mandimu akweza fungo, Luapula wapeza anzake omuimiritsa. Sopo uja kaya wapita kuti, mwina ndi iye akumveka ngati duwa.

Achimwene aona kuti nthawi ndi yomweyi. Aponya mawu bwinobwino, apereka nkhuku.

Atsibweni ayang'ana m'kapu nthawi yaitali. Akuti, "Mawu tamva, nkhuku talandira. Ine ndamwa tiyi ku Halale, ndamwa ku Tete, ndamwa m'nyumba za azungu, wotere ayi. Tsono mkamwini wa manja otere timupereke ku Sinda, ife tikabwera kuno tizimwa chiyani? Nkhani iyi si yothamangira. Tidzaionenso tikakolola chaka chamawa."

Kuseri kwa nkhokwe kwamveka mawu: "Wamva, Samva?"

Naphiri ndamupeza kukhitchini, misozi ili m'maso. Iyenso Sinda amaifuna, chigayo pafupi, chipatala pafupi. Akuti, "Ndinasakaniza dala kuti aipe. Ndinakuuzani Lolemba kuti madzi otentha basi. Pano amamasula mkamwini wopanda ntchito, wothandiza samupereka." Ndamufunsa kuti bwanji sananene momveka. Akuti ndinali kalikiliki kulavula.

Khonde lija lapita. Zikundiwawa, ndisabise. Ndinali nditaona kale pomwe ndidzaike makina, ndi msomali wopachikapo madiresi kuti a m'basi aziona.

Komabe chinthu chimodzi chikundizunguza: chakometsa nchiyani? Uchi? Sopo? Kukhutchumula kwa munthu wokwiya? Naphiri sakukumbuka muyeso, akuti ankangothira ndi mtima. Atsibweni akuti agona konkuno mpaka Lachitatu, ndipo amadzuka msanga.

Madzulo ndadutsa kwa a Zulu kukabweza botolo. Ali pachipika cha pakhomo pawo, akuyang'ana madenga awo onse a pamudzi. Andiona, asendera kumapeto, apukuta fumbi ndi dzanja.

"Khalani apa, malo alipo. Ine ndidayamba ndi kadenga ka khitchini basi."

Ndakhala.