ATimoti Mbewe, Nkhoswe ya Makina a ku Zemba

ATimoti Mbewe a ku Zemba ankapereka moni kwa makina, chipewa chili m'manja, bondo litapindika pang'ono. Ine ndinakumana nawo koyamba pachigayo cha ku Mlolo, ndili ndi thumba pamutu, iwo akufunsa injini ngati yadzuka bwino. Nditawalonjera anandiuza kuti ndidikire, poti anali asanathane ndi akuluakulu.

Kupatula kuyendetsa makina, ntchito yawo ina inali unkhoswe. Mabanja ambiri a ku Zemba anamangidwa ndi iwowa, ndipo m'mutu mwawo ntchito ziwirizi zinali imodzi. Ankati makina sagulidwa, amakwatitsidwa.

Kopaletivu yathu itapeza makina atsopano oyengera mafuta a nshawa, panafunika kusankha sikirini yoyendetsera, kabokosi koonetsa kutentha ndi liwiro, pamene woyendetsa amayatsira ndi kuzimitsira. Amayi Fainesi, apampando athu, anaitana Innocent wa sitolo ya zamagetsi ku Chipata, ndipo anabwera nazo zitatu. Pamudzi panali manong'onong'o akuti makina amakono safuna nkhalamba, ndipo aTimoti akalephera kuiweta sikiriniyo, malo awo apita kwa wina. Iwo anazimva. Anafika atavala jekete la kutchalitchi, nalamula kuti zitatuzo zikhale kaye pachikamwini, zigwire ntchito pamudzi pano anthu aone khalidwe lake.

Yoyamba inali yopyapyala, yosalala ngati foni.

"Iyi mumangoikhudza basi, agogo," anatero Innocent.

"Aliyense?"

"Aliyense."

"Ndiye kwawo sinalangidwe."

Ataikhudza ndi chala chamafuta inangoti duu. Anaipempha, anaikumbutsa kuti ili kwa eni, osatheka. Koma dontho la thukuta litagwerapo kuchokera pamphumi pawo, inazimitsa makina onse nshawa zili pakati. ATimoti anati mkamwini womvera thukuta kuposa apongozi abwerere kwawo lomwelo.

Yachiwiri inali yaing'ono, ya tizilembo ngati nyerere. M'mawa inkaoneka yaulemu, koma dzuwa likalowa pakhomo masana inkachita mbuu, osaonekanso kanthu. Iwo anati mlesi amadziwika choncho, dzuwa likatentha amabisa nkhope.

Yachitatu Innocent anaitulutsa mwamanyazi. Inali yonenepa, yosaoneka bwino, ya mabatani otukuka ngati nthudza, nyali yofiira ndi yobiriwira, ndipo makina akatentha inkalira ngati mbuzi yokodwa m'chingwe. ATimoti anaisisita pang'onopang'ono, batani ndi batani, nkhope atayang'ana kudenga.

"Wathu ndi uyu," anatero.

Msonkhano unatekeseka. Ambiri ankafuna yonga foni ija kuti a ku Mlolo akabwera azisirira. Ena anati tsono tikwatitse mwana wathu kwa munthu wa nkhope yotere? ATimoti anayankha kuti nkhope siyenga mafuta.

Amayi Fainesi sanaseke nawo. Iwo anali ataona kuti m'mawa womwewo aTimoti anavulira chipewa mgolo wa dizilo poyesa ndi abusa, ndipo anthu anangoti ndi khalidwe lawo lija. Anawakokera kuseri kwa matumba.

"Achimwene, maso aja anayamba liti?"

"Maso ali bwino, mlongo. Dziko ndi limene lachita nkhungu."

Kenako amayi Fainesi anabwerera kumsonkhano nanena kuti pamene nkhoswe yamanga, wina samasula. Yamabatani ija inakhomedwa tsiku lomwelo.

ATimoti anayendetsa makinawo zaka zingapo ndi chala ndi khutu. Amayi Fainesi nawo anayamba chizolowezi chachilendo chodutsa pamakinapo kawirikawiri akudzilankhulira mokweza, kuti ha, kutentha kuli pakatikati lero, kapena kuti singano ya liwiro ikukwera. Anthu ankati ukalamba wawayamba msanga. Ochepa tinkadziwa, ndipo tinatseka pakamwa.

Lero makina akadayendabe, mafuta akutuluka, koma amayatsidwa ngati wailesi, popanda wowafunsa za usiku. Batani lobiriwira lija linafufutika pakati, pamene pankagwera chala cha aTimoti.

Nkhungu ija itatsekeratu m'maso mwawo, anapuma ntchito, koma ankabwerabe ndi ndodo kudzakhala pabenchi panja. Tsiku lina masana mbuzi ija inalira m'katimo, woyendetsa watsopano ali kuseri. ATimoti anadzuka, analowa osagunda ngakhale thumba limodzi, nadina batani lofiira. Makina atakhala chete anavula chipewa.

"Pepani bambo," anatero, akusisita kabokosi kaja. "Anawa sanakuzolowereni. Muziwapirira monga munandipirira ine."