Akatundu a Eni Ake pa Ulendo wa ku Thyolo

Lolemba
Mwana wanga Asiyatu wachira ku Thyolo, kumene mwamuna wake amathyola tiyi. Mwana wamwamuna! Kutcha dzina ndi Loweruka, 10 koloko m'mawa. Akuti agogo amene apezekepo ndi amene atche. Ine dzina ndili nalo kale: Saidi, la malemu bambo anga. Ndinyamuka Lachitatu, chikwama chimodzi basi.

Lachiwiri
Ndalakwitsa kutsanzika pamsika wa Nselema. Kani aliyense ali ndi m'bale wake ku Thyolo! Pofika 4 koloko pakhonde pali:
mpunga, matumba awiri
matemba, mitolo isanu
tambala mmodzi
tayala la njinga
mtondo, wopanda munsi.
Aliyense akuti, "Kangachepe aka, a Mdala, simukamva n'komwe." Pakamwa panga iyayi sakutuluka.

Lachitatu
Sindikunyamuka. Abiti Jafali, eni mtondo, akuti ndidikire munsi, ukusemedwa. Wafika 5 koloko madzulo. Podikirapo kwabweranso tambala wachiwiri. Sakugwirizana ndi woyamba.

Lachinayi
Liwonde, 11:20. Akatundu a eni onse pamodzi 12, nditawerenga kawiri. Minibasi zitatu zandikana. Kondakitala wachinayi: "Madala, mukusamuka kapena akuthamangitsani?" Wandikweza, koma mtondo uli pamiyendo. Mayi wa pambali panga akuti matemba amulowa m'chitenje. Ndagona ku Limbe kwa mphwanga. Atambala agona kubafa.

Lachisanu
Thyolo, 1:05. Kuzizira! Nkhungu mpaka m'makutu, ine malaya amodzi. Ndaganiza zoyamba ndapereka za eni, ndikafike kwa mwana wanga manja ali opepuka. Ndatulutsa pepala la malangizo. Abiti Jafali anandilembetsa kuti: "Nyumba ya pafupi ndi munda wa tiyi." Eni tambala woyamba: "Mukaona tiyi, mukhotere kumanzere."
Kuno tiyi ali kumanzere, kumanja, kumwamba kuphiri, kumunsi kudambo.
Zoperekedwa lero: zitatu. Zotsala: 9.

Loweruka
Ndadzuka 5 koloko pakhonde la mlonda wina wachifundo. Kwa Asiyatu akuti ndi kuseri kwa phiri, ola limodzi. Ola la munthu wopanda mtondo. Zitunda zisanu ndi chimodzi, ndaterereka kawiri. Tambala wachiwiri wathawira m'tiyi. Amayi othyola asiya madengu, akumuthamangitsa uku akuseka. Mphindi 40.
Ndafika 12:15. Anthu akusamba m'manja. Asewere anga, bambo a mkamwini, andilandira ndi manja awiri. "Mwafika bwino, achimwene! Tinakudikirani mpaka 11." Amwetulira mano onse.

Lamulungu
Mwana ndi Dayisoni, dzina la aseweredwo. Ali ndi mphuno ya kwathu, zala khumi, ndawerenga. Asiyatu akuti ndisadandaule, wachiwiri adzakhala wanga. Ndamuuza kuti akadzachira asadzauze munthu wa ku Nselema, ngakhale ine andiuze ndili kale m'minibasi.
Ndamunyamula mwanayo kuyambira 8 koloko. Ndayesa kumuitana katatu. Dayisoni. Dayisoni. Kachitatu watsegula diso limodzi. Basi, wavomera yekha, ine ndinganenenji.